Masamu a Malipenga ku Chibavi

Wongani, taika kaye foni ya amayi akoyo pansi. Ndakuona. Samu yakukanika, ndiye wati ufunse kachitsulo, eti? Ndipo usamagwedeze mpandowo, iwe. Mpando umenewo ndi wamkulu kuposa abambo ako, ndipo ine kuti ndikhalepo koyamba ndinachita kuuvinira. Mukuseka? Lusungu, kaitane anzako ali panjawo, mubwere nonse mukhale apa. Agogo anu aakazi atsale pomwepo pa makina awo osokera kuti azinditsutsa ndikanama, pakuti ntchito imeneyo amaidziwa kuposa kusoka.

Ine ndinabwera kuno ku Mzuzu ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, kuchokera kwathu ku Nkhata Bay. Ndinakwera pamwamba pa lole yonyamula usipa wouma, ndipo pofika kuno fungo linali litalowa mpaka m'sutikesi. Lole ija pokwera mapiri inkalira ngati ikupempha chikhululukiro, malo ena tinkatsika n'kumaiyikira miyala kumbuyo kwa matayala. Inu mukati Mzuzu mumaona njinga zamoto zikulimbirana anthu pa depoti. Nthawi imeneyo tauni yonse munkaimaliza wapansi chimanga chokazinga chisanathe m'thumba. Ku Mchengautuwa kumene kuli azakhali anu kunali tchire, anthu ankangopitako kukakumba mchenga. Pakhomo la msika pankaima anyamata a chipani kufunsa khadi, ndipo tsitsi likatalika pang'ono ankakumeta pomwepo, osakufunsa kuti ukufuna sitayelo yanji. Wongani, ndi chisa chili pamutu pakocho, sukanadutsa.

Ntchito ndinaipeza pa sukulu ina ya ku Chibavi, koma ndinali mphunzitsi wongogwirizira, wopanda pepala la ku koleji. Munthu wotero ankatha kuuzidwa Lachisanu kuti Lolemba asabwere. Koma mukanandiona ndikupita kuntchito, mukanati mwini sukulu ndine. Ife Atonga pa zovala sitinyengerera. Kabudula woyera wositidwa ndi simbi yamakala mpaka mzere wake kuthwa, masokosi aatali oyera ofika m'mawondo, nsapato zowala, ndiye matope a ku Chibavi ndinkawadumpha ngati mphaka. M'mimba munali kondowole wa dzulo ndi tiyi wopanda mkaka, koma zimenezo ndani ankaziona?

Anaziona ndi bambo awo a agogo anuwa. Agogo anu ndinawapeza m'kwaya ya kutchalitchi, akuimba mawu apamwamba, ine ndikuimba apansi, maso ali kumbali. Bambo awo, a Gondwe, anali kalaliki wa ku boma, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka, wolemekeza sukulu kuposa china chilichonse. Nditatuma amalume anga, a Gondwe anati akufuna amuone yekha mnyamatayo. Ndinapita nditatchena. M'nyumba munali mipando inayi yamatabwa yopakidwa vanishi, ndinkaiona bwinobwino pakhomo. Koma ine anandikhazika pakhonde, pa mtondo wogadabuza.

"Ndiwe wa ku nyanja uja?" anatero a Gondwe, osandiyang'ana n'komwe.

"Enya, dada."

"Ndamva ukugwira ganyu ya choko. Ine mwana wanga ndamuphunzitsa, sangapite kwa munthu wa ganyu, yayi. Akadzakusankha ku koleji ya aphunzitsi, udzabwere tidzayowoye. Akapanda kukusankha, nyanja sinaphwe, ukapalase bwato."

Ndinatuluka pamenepo makutu akutentha. Ndipo panali kale kalaliki wina wa ku banki, wa njinga yatsopano ya belu, amene ankadutsa pakhomo pa a Gondwe kawirikawiri ngati njira ina kulibe. Mukumva agogo anu akutiko? Akuti, "Njingayo inali yokongola chomene." Sokani, mayi, sokani.

Tsono kuti munthu wogwirizira asankhidwe ku koleji, pankafunika mawu abwino a insipekita, mkulu woyendera masukulu. Iye akabwera n'kupeza ana ako akudziwa zinthu, ankakulembera bwino. Akapeza mbuli, chaka chikatha unkanyamula sutikesi. Ndiye ukwati wanga, ndi inu nonse muli apa, munali m'manja mwa ana a Sitandade 3, ana osamba mwa apo ndi apo, odzaza kalasi mpaka pakhomo.

Anawo sanali opusa. Kuwerenga ankawerenga, nyimbo ankagwira tsiku limodzi. Chichewa, chimene tinkaphunzitsira, chinali chachilendo kwa tonse, iwo Atumbuka ine Mtonga, koma tinkamvana. Chimene chinatikanika ndi masamu a manambala aakulu, ophatikiza ndi ochotsera. Ndikalemba 47 kuphatikiza 38, mwana ankati 7 ndi 8 ndi 15, n'kulemba 15 yense, 4 ndi 3 ndi 7, n'kulemba 7. Yankho 715. Ankabwera nalo sileti lake akumwetulira, ngati wandibweretsera nkhuku. Pochotsera ndiye kunali maliro. Ukawapatsa 52 kuchotsa 27, ankaona kuti 7 sangachoke mu 2, ndiye ankangotembenuza n'kuchotsa 2 mu 7, chifukwa mwana wolongosoka salimbana ndi zosatheka. Yankho 35, kalasi lonse mogwirizana.

Ndinawaimbitsa "lembani 5, sungani 1" mpaka mawu anga anasasa. Ankaimba bwino ndithu, koma ukawafunsa kuti 1 ameneyo wachokera kuti ndipo akupita kuti, ankayang'ana kudenga. Ahedi athu anati mankhwala ake ndi mkwapulo. Mnzanga wa kalasi loyandikana anati ndiwatume timitengo tomanga m'mitolo. Timitengo anabweretsa, koma kunali kozizira, ndipo pofika Lachitatu mitolo yonse inali itathera pa moto umene ankasonkha kuseri kwa kalasi pa nthawi yopuma.

Inu simukudziwa kuzizira kwa Mzuzu wakale. Lero mitengo inatha, dzuwa likulowa paliponse. Nthawi imeneyo mwezi wa Juni nkhungu inkagona m'tauni mpaka dzuwa litakwera, kamvula kowaza kosatha, ndipo ana ankabwera opanda nsapato, atapinda manja m'khwapa, milomo ili mbuu. Ankakhala pansi pa simenti. Tsiku lina m'mawa ndinaona kuti zala zawo zauma, sangathe ngakhale kugwira cholembera pa sileti. Ndinati, "Tulukani nonse, tikaothe dzuwa tikuguba."

Apa ndikuuzeni chinthu chimene abambo anu amachita nacho manyazi. Ine kwathu ndinali katswiri wa malipenga. Si zovina za masiku ano zogwedeza chilichonse nthawi imodzi, ayi. Malipenga ndi gule waulemu: amuna m'mizere yowongoka ngati asilikali, yunifolomu yoyera, lipenga la chipanda m'manja lomatidwa ndi kansalu koyera ka kangaude kuti lizilira bwino, phazi kuponya mofatsa ngati pansi pali mazira. Aliyense ali ndi udindo wake ndi mzere wake. Ine ndinali woimba wezulo, wokonza mizere. Ndiye nditawatulutsa ana aja, thupi linakumbuka lokha. Ndinayamba kuwaika m'mizere, ndipo mzere wina utatalika kwambiri ndinakuwa kuti, "Mzere uwu wadzaza, ena atuluke!"

Ndinaima chilili, wezulo ili pakamwa. Mzere wadzaza, ena atuluke. Si zomwezo ndakhala ndikulephera kuwauza miyezi yonseyi?

Madzulo ake ndinapita pamene ankamanga nyumba ina, ndinapempha mapepala a matumba a simenti, n'kupinda zipewa zambirimbiri. Zina ndinazisomeka nthenga za nkhuku. M'mawa ndinajambula mizere itatu pabwalo ndi phulusa. Mzere wa kumanja unali wa asilikali wamba, opanda chipewa, aliyense woimira 1. Wapakati unali wa masajeni, a chipewa chopanda nthenga, aliyense woimira 10. Wa kumanzere unali wa makaputeni, a chipewa cha nthenga, aliyense woimira 100. Ana otsala ankakhala pansi pambali kudikira kuitanidwa. Lamulo linali limodzi lokha: mzere sukhala ndi anthu khumi. Asilikali akakwana khumi, amaguba n'kukakhala pansi, ndipo m'malo mwawo mumadzuka sajeni mmodzi n'kukaima pa mzere wapakati. Masajeni akakwana khumi, chimodzimodzi, pamadzuka kaputeni.

Tinayamba ndi 47 yemweyo. Masajeni anayi, asilikali asanu ndi awiri. Ndinaimba wezulo, gulu la 38 linalowa likuponya phazi, wina akumenya debe la palafini ngati ng'oma. Asilikali anakwana 15, ndipo ndisanayankhule kanthu ana okhala pansi anayamba kukuwa, "Wadzaza! Wadzaza!" Khumi anatuluka, sajeni watsopano anadzuka akukonza chipewa chake monyada, ndipo titawerenga tinapeza masajeni 8, asilikali 5. Kamtsikana kena kotchedwa Towera, kakafupi, kamakani, kamene kankagulitsa nthochi ndi amayi ake pamsika, kanandiyang'ana n'kunena kuti, "Asambizgi," ndiko kuti aphunzitsi m'Chitumbuka, "ndiye 1 timasunga uja ndi munthu?" Ndinati ndi munthu, mwana wanga, ndipo wavala chipewa. Ndinamupatsa wezulo tsiku lomwelo, ndipo sanaibwezenso.

Kuchotsera kunali kokoma koposa. Asilikali akachepa, woimba wezulo ankapita kwa sajeni mmodzi n'kumuchitira sawasha. Sajeniyo ankavula chipewa n'kukakhala pansi, ndipo asilikali khumi ankadzuka n'kuthamangira pa mzere wawo. Masajeni akachepa, kaputeni ndiye ankavula. Pasanathe milungu yambiri, ana amene ankapeza dzira pa mayeso anayamba kukhoza. Ojomba anasiya kujomba. A makalasi ena ankasuzumira m'mawindo, aphunzitsi awo akutukwana. Ine ndinkayenda m'Chibavi mapewa ali m'mwamba, ndikuona kale koleji ndi agogo anu atavala velo.

Koma walira mvula walira matope. M'kalasimo munali mnyamata wamkulu thupi, Yotamu, wobwereza kalasi kawiri, amene anali asanapatsidwepo ulemu uliwonse pa sukulu. Chipewa cha nthenga anachikonda ngati moyo wake. Tsiku limene samu inafuna kuti iye avule, anavula misozi ili m'maso, ndipo kunyumba anakadandaula kuti aphunzitsi amuchotsa pa ukaputeni pamaso pa anthu. Bambo ake, a Msiska, anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu.

Ana inu, mumayankhula chilichonse pa wailesi masiku ano, ndiye simungamve msanga kulemera kwa nkhaniyi. Nthawi imeneyo munthu ankatha kusowa chifukwa cha nthabwala ya pa mowa. Mawu a Yotamu anayenda m'Chibavi, ndipo pofika kumsika anali atanenepa: akuti mphunzitsi wa ku Nkhata Bay uja akuphunzitsa ana usilikali, ali ndi makaputeni ndi masajeni, ndipo tsiku lililonse amawaphunzitsa kuchotsa akuluakulu pa maudindo. Ahedi anandiitana mu ofesi, anatseka chitseko ndi windo lomwe.

"A Mhone, mukufuna mutiphetse? Zipewa zija muotche lero. Ana abwerere m'kalasi."

Ndinayesa kufotokoza, koma anagwira makutu. Sindiwadzudzula, anali ndi ana asanu ndi mmodzi. Zipewa sindinaotche, ndinazibisa m'katoni pamwamba pa kabati, koma kubwalo sitinapitenso. Choipa n'chakuti ndinali ndisanawaphunzitse chinthu chimodzi, chovuta kuposa zonse: kuchotsera pamene pakati pali ziro. Ndinayesa kuchifotokoza pa bolodi, anangondiyang'ana ngati kale lija. Anzanga anayamba kundilambalala panjira. Ngakhale ku kwaya anthu a mawu apansi anzanga ankasiya mpata pakati pa iwo ndi ine. Agogo anu okha ndiwo anandipeza kuseri kwa tchalitchi n'kunena kuti, "Mwaopa, a Mhone? Ine ndimayesa Atonga mumangoopa matope." Ndi mmene amalimbikitsira munthu agogo anuwa, mpaka lero.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina tikuyamba kumene, panja panaima galimoto ya boma, n'kutsika insipekita. Anali bambo wa ku Ntcheu, wamtali, wa magalasi, wa Chichewa chosalala chimene ife tinkangochimva pa wailesi. Ndisanameze malovu, ndinaona a Msiska nawonso akulowa pa geti ndi anyamata awo awiri a malaya ofiira. Anali atamva kuti kwabwera wamkulu wa boma, ndiye anati mpata ndi womwewu. Ahedi anatuluka thukuta m'mwezi wozizira.

"Bwana," anatero a Msiska, "mwabwera bwino chomene. Mphunzitsi uyu tili naye nkhani. Akupanga asilikali pano."

Insipekita anavula magalasi n'kuwapukuta. "Asilikali? Mwawaona inuyo, a tcheyamani?"

"Yayi, koma tamva."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Aphunzitsi, tulutsani asilikali anuwo tiwaone tonse."

Ndinatsitsa katoni ija, ana ataona zipewa anakuwa ndi chimwemwe, osadziwa kuti mphunzitsi wawo waima pakamwa pa ng'ona. Phulusa la mizere linali litakokoloka ndi mvula, koma aliyense ankakumbuka malo ake. Ndinapereka samu yophatikiza, inayenda bwino. Ina yochotsera yosavuta, inayendanso. Ndinayamba kupuma. Pamenepo insipekita anatola kamtengo n'kulemba pansi ndi dzanja lake: 503 kuchotsa 267. Kenaka anati, "Inu aphunzitsi, imani uko, ndipo musatsegule pakamwa."

Ziro pakati. Chinthu chokhacho chimene sanachivinepo. Ndinaona nyanja, ndinaona bwato, ndinamva belu la njinga ya kalaliki wa ku banki.

Towera anaimba wezulo. Makaputeni asanu anaima, ndipo woyamba pa mzere anali Yotamu, pakuti chipewa cha nthenga anachilumphira katoni isanafike pansi. Pa mzere wa masajeni panalibe munthu. Asilikali atatu. Debe linayamba kulira. Towera anafuna kuchotsa asilikali 7, anapeza alipo atatu okha. Anatembenuka mwachizolowezi kupita kwa masajeni, n'kupeza mzere uli mbee. Anaima. Debe linasiya kulira. Bwalo lonse linangoti zii, moti ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nyumba ya ahedi.

Kamtsikana kaja kanayang'ana kwa ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Kanayang'ana mzere wopanda anthu uja nthawi yaitali, kakuluma chingwe cha wezulo. Kenaka kanadumpha mzerewo, kanayenda mpaka kwa makaputeni, n'kuima pamaso pa Yotamu, mutu wake ukulekeza pachifuwa cha mnyamatayo. Kanamenya sawasha.

Ahedi anatseka maso. A Msiska anasendera kutsogolo, anyamata awo pambuyo. Yotamu anayang'ana bambo ake, anayang'ana Towera, dzanja lili pa chipewa ngati akuchiteteza ku mphepo. Ine mumtima ndinkangoti, Chiuta wanga, mwana uyu akalira pano, ine ndagona kupolisi.

Yotamu anavula chipewa. Anachinyamula m'mwamba kuti onse achione, n'kukuwa ndi liwu lake lija la munthu wamkulu, "Masajeni khumi, nyamukani!"

Anadzuka khumi, akuvala zipewa akuthamanga. Ana ena anayamba kukuwa kuti wadzaza, wadzaza, poti lamulo linkakana anthu khumi pa mzere, koma Towera anawadzudzula, "Chetani, mmodzi akuchoka sono-sono!" Anachitira sawasha sajeni wa kumapeto, iye anavula, asilikali khumi anadzuka n'kukhala 13. Debe linayambanso, ndipo tsopano linkalira ngati pa ukwati. Asilikali 7 anaguba kutuluka, kutsala 6. Masajeni 6 anatuluka mwa 9 aja, kutsala atatu. Makaputeni awiri anatuluka, kutsala awiri. Towera anaimba wezulo katatu, ndipo kalasi lonse linakuwa yankho mpaka a makalasi ena anatuluka: 236!

A Msiska anagwira mwana wawo pamkono. "Iwe, si paja unkalira kuti akuchotsa pa udindo?"

"Sanandichotse, adada," anatero Yotamu. "Ine ndine handiredi. Ndangosanduka masajeni khumi kuti anzanga apeze pochotsa. Mukatiphatikiza ndibweranso."

Bambo aja anayang'ana mwana wawo, amene aphunzitsi atatu anali atamulephera, akufotokoza masamu pamaso pa mkulu wa boma.

Koma insipekita sanali munthu wogulika ndi gule. Anati, "Kuvina tawona. Pa mayeso sadzalowa ndi debe. Onse m'kalasi, masileti m'manja." Analemba pa bolodi masamu asanu, awiri a ziro pakati, ena ophatikiza mpaka mazana. Ine anandikhazika kumbuyo. Ana anawerama. Ndiye ndinayamba kumva kaphokoso, tswa, tswa, tswa, pansi pa simenti. Ndinasuzumira. Anali mapazi. Ana onse ankalemba uku mapazi awo osavala akuponya sitepe ya malipenga pang'onopang'ono, ndipo ena pofika pobwereka ankagwira pamutu ngati akuvula chipewa. Insipekita anayenda mzere ndi mzere akuchonga ndi choko. Anachonga, anachonga, mpaka choko chinamuthera, anapempha china. Olakwitsa analipo, sindinama, agogo anu akundiyang'ana, koma munkawawerenga ndi zala. Atafika pa sileti la Yotamu anachonga onse asanu, n'kulinyamula kukapereka m'manja mwa a Msiska.

Tcheyamani uja analigwira sileti ngati mbale ya mazira. Kenaka anatembenukira anyamata ake n'kuwakalipira, "Mukuyang'ana chiyani? Simukuona ana akuphunzira sukulu? Tiyeni!" Pa geti anabwerera yekha, nandigwira dzanja ndi manja awiri. "Yewo chomene, asambizgi. Anthu ndi abodza m'Chibavi muno." Ngati kuti bodzalo linayambira kwa anthu ena.

Insipekita pokwera galimoto anandifunsa kumene ndinaphunzira njira imeneyi. Ndinati kwathu, bwana, pa mchenga. Anaseka koyamba tsiku lonselo, nati, "Ku koleji mukawaphunzitsenso akuluakulu amenewo." Ahedi, amene anati ndiotche zipewa, anauza aphunzitsi onse madzulo ake kuti iwo anaona kuyambira pachiyambi kuti mnyamatayu ali ndi mutu. Ndinavomera, pakuti tsiku lopambana munthu sasunga mangawa.

Dzina langa linatuluka pa osankhidwa mvula itayamba. Ndinapita ku koleji, ndinabwerako, ndinaphunzitsa mpaka tsitsi ili linayera, ndipo kulikonse kumene ananditumiza ndinkayamba ndi kufunafuna matumba a simenti. Towera uja anadzakhala mphunzitsi nayenso, ndipo wezulo yanga ali nayo mpaka pano, akuti ndikaifuna ndikaitenge ndi apolisi. Yotamu ndi uja anali ndi mashini ocheka matabwa ku Mchengautuwa, amene anatipatsa matabwa a denga lino osalola kuti ndilankhule za mtengo. Tikakumana pamsika, bambo wamkulu wokhala ndi zidzukulu zake, amavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba, anthu n'kumadabwa.

Koma ndadumpha, ndibwerere. Sabata imene dzina langa linatuluka, ndinasita kabudula wanga kawiri n'kupita kwa a Gondwe. Nkhani ya malipenga inali itawafika kale ku ofesi kwawo. Ndinafika pakhonde, ndinaona mtondo uja uli pomwepo, ndipo ndinayamba kupinda mawondo kuti ndikhalepo monga ulendo woyamba uja. A Gondwe anatuluka atavala tayi yawo.

"Yayi, yayi," anatero. "Mtondo ndi wosinjira. Njirani m'nyumba, asambizgi."

Asambizgi. Munthu amene ankanditcha wa ku nyanja. Analowa patsogolo, nakoka mpando umodzi mwa inayi ija ndi manja awo, naupukuta ndi mpango wa m'thumba mwawo, ngakhale unalibe fumbi. Ndinakhala. Kuseri kwa katani ya kuchipinda ndinkaona mapazi a agogo anu, ndipo ndikulumbira, mapaziwo ankaponya sitepe.

Agogo anu akukana. Akuti ankathamangitsa nyerere. Zaka zonsezi akadali pa nyerere zomwezo.

Tsiku la ukwati wathu a Gondwe anatipatsa mpandowo kuti tikayambire nyumba, ndipo kwawo inatsala itatu mpaka imfa yawo. Ndi umene wakhalirawo, Wongani, n'kumaugwedeza ngati wa m'minibasi. Tsopano tandionetsa samu yakuvutayo. 604 kuchotsa 358? Ziro pakati, ndinadziwa. Tsika pampandopo. Lusungu, katenge nyuzipepala zakale zili pansi pa bedi tipinde zipewa, wina akatenge chidebe chosambira ndi mthiko, ndipo mukaitane ana onse a nyumba zoyandikana, pakuti asilikali afunika ambiri. Iwe Wongani ukhala kaputeni woyamba kuvula. Mayi, siyani makinawo, mudzatiimbire wezulo ndi pakamwa. Mpandowo mundisiyire ine, ndinauvinira kale.